Pepala la Pamwamba

A Pulinsipo anali ataweruza kale mlanduwo ine ndisanakhale n'komwe pampando. Anandikankhira zithunzi patebulo, n'kuloza ndi chibwano khomo la kumapeto kwa khonde.

"Wakuba wanu ali uko, a Sajeni. Kangotengani sitetimenti basi. Bodi ikukumana masana ano."

Ndafufuza milandu kupolisi mpaka imvi kumera, ndipo palibe chimene chimandinyansa ngati munthu woitana wapolisi kuti adzangovomereza zimene iye waganiza kale. Iyi inali sukulu yophunzitsa anamwino, ndipo chimene chinabedwa sichinali njinga kapena nkhuku. Mayeso omaliza, mafunso pamodzi ndi mayankho ake, anali akuyenda m'mafoni a ophunzira tsiku lolemba lisanafike. Mtsikana wina woopa Mulungu ndiye anabwera nawo kwa a Pulinsipo. Atafunsidwa kumene anawatenga anatchula mnzake, mnzakeyo anatchula wina, winayo n'kutchula woyamba uja. Ana asukulu akapangana kubisa chinthu, mukhoza kuwafunsa mpaka malovu kuuma.

"Mukuti wakubayo ndani?" ndinafunsa.

"Amene analemba mayesowo. Tonse timangowatcha a Sisitala. Kompyuta ndi yawo, pasiwedi ndi yawo, kiyi wa ofesi amayenda naye m'khosi. Mukufunanso chiyani?" Anatsitsa mawu. "Komanso m'kalasi imeneyo muli mwana wa malemu achimwene a amuna awo. Akulera okha. Analephera kale kamodzi, ndipo akalepheranso basi, kachitatu sitilola. Chibale n'fupa, a Sajeni."

"Bodi ikawapeza olakwa iwatani?"

"Ntchito yatha, chiphaso cha unamwino chilandidwa. Zotsalazo ndi zanu." Anavula magalasi n'kutikita maso. "Musaganize kuti ndikukondwa. Jakisoni woyamba amene ndinabaya munthu, dzanja langa anagwira ndi iwowo."

Ndinayala zithunzizo mu ndondomeko imene zinabwerera pa foni. Winawake anajambula sikirini ya kompyuta, izo zinali zoonekeratu. Koma zithunzi zake zinali zachilendo. Chilichonse chinali chachifupi ndi chotambalala, theka la tsamba basi, ndipo m'mphepete mwake cha kumwamba munadutsa kamzere kotuwa. Choyamba kujambulidwa chinali funso lomaliza, kenako kumabwerera m'mbuyo ngati munthu wowerenga buku kuyambira kuchikuto chakumapeto. Funso loyamba panalibe. Mafunso onse ankanena za "wodwala wathu," koma wodwalayo sanaoneke paliponse. Ndipo funso lomaliza lija linali loduka pakati: "Wodwala wathu akayamba kupuma movutikira, namwino ayenera..." Basi, pomwepo.

Wakuba wanji amene amaba chakumbuyo, n'kusiya mutu wa chinthu chimene akubacho?

*

Wokonza makompyuta pasukulupo anzake amamutcha Vayirasi. Ndinamupeza m'kachipinda kodzaza mawaya, miyendo ali patebulo, akutafuna chingamu. Anaona yunifomu yanga koma miyendo sanatsitse.

"Ndimadziwa kuti mundipeza, bwana. Chilichonse chikasowa pano amati Vayirasi. Ngakhale sopo."

"Unaba mayeso?"

Anaseka mpaka chingamu kutsala pang'ono kumutsamwa. "Bwana, mundinyoze ndi zina. Ineyo ndikajambule sikirini ndi foni? Ngati agogo? Ndikanangobaya fulashi, kuphethira kamodzi zonse zalowa, palibe angadziwe. Ndayang'ana kale makina a Sisitala, a Pulinsipo ataimirira pambali panga. Palibe anakopera, palibe anatumiza, palibe anasindikiza. Uyu ndi munthu wosadziwa zinthu, anangofika n'kuyamba kutchola."

"Ndani amaona zimene a Sisitala akulemba?"

"Nyengo ya mayeso? Palibe. Mukangogogoda, chala chawo chili pa batani, sikirini bii! Ngakhale ineyo amene ndimawakonzera. Akamatuluka, ngakhale kupita kokasamba m'manja, amathimitsa n'kukhoma. Mayi amene uja ndi loko woyenda."

Ndinamuonetsa kamzere kotuwa kaja. Apa ndiye anatsitsa miyendo. Anatenga chithunzicho, n'kuchiyandikiza kumaso, ndipo nthabwala zinamuthera.

"Eee. Uyu ndi mzere wawo."

"Wa ndani?"

"Wa a Sisitala. Amagawa zenera pawiri akamalemba, ndimawaona akamakonza manotsi a m'kalasi. Pasukulu yonse ino palibenso wina amachita zimenezo. Ena onsewa amangothamanga ndi tsamba, kukwera, kutsika, ngati agwidwa ndi njuchi." Anandibwezera chithunzi osandiyang'ana. "Musalembe kuti ndanena ndine, bwana. Mayi amene uja sangabe. Koma mzerewo ndi wawo."

*

Ndinagogoda, ndipo mawu odekha anati ndilowe. Ofesi inali yaing'ono, yoyera ngati mbale yotsukidwa kumene. Tebulo linayang'ana kukhomo, kotero wolowa amangoona kumsana kwa kompyuta, ndipo kumbuyo kwa mpando kunali khoma lopanda zenera. Pampandopo panali mayi wa imvi, wovala zoyera, msana uli chilili, kiyi ali pa kachingwe m'khosi. Ndakumana ndi anthu ambiri oganiziridwa milandu. Ena amalira, ena amakalipa, ena amayamba kundiuza za abale awo akuluakulu. Awa anandifunsa ngati ndamwa tiyi.

"Ndikufuna mundiphunzitse za mzere uwu, a Sisitala," ndinatero. "Ine pa kompyuta ndimalemba ndi zala ziwiri, ndipo chimodzi chimakhala chikufufuta."

"Zungulirani mbali ino. Popeza mayesowa aola kale, palibenso chobisa."

Anatsegula pepala la mayeso lija. Tsamba loyamba linali ndi chojambula cha mtima wa munthu, mitsempha yake yofiira ndi yabuluu, ndipo pansi pake nkhani ya wodwala: bambo wachikulire, msinkhu wake, kulemera kwake, mankhwala amene akumwa. Anapita pamwamba pa sikirini pamene pamakhala malamulo a kaonekedwe ka tsamba, n'kudina. Mzere wotuwa unadula sikirini pakati.

"Uku ndiko kugawa zenera. Tsopano onani." Anaika kamuvi ka mausi m'munsi n'kupukusa kagudumu. Mafunso a m'munsimo anayamba kuyenda, koma mtima uja pamwamba unangoima nji.

"Ndiye kuti mapepala ndi awiri," ndinatero.

"Ayi, a Sajeni. Ndi limodzi. Zili ngati chipinda chimodzi cha mazenera awiri, wina akusuzumira kumutu kwa bedi, wina kumiyendo. Wogonayo ndi yemweyo."

Ataona kuti ndangogwedeza mutu mwaulemu chabe, anakweza gawo la m'munsi mpaka kutsamba loyamba. Mitima inakhala iwiri, wina pamwamba wina pansi. Analemba chilembo chimodzi m'munsi, ndipo nthawi yomweyo chinatulukiranso pamwamba. Anachifufuta, chinasowa konsekonse. Ndinamva ngati mwana amene waonetsedwa matsenga a ndalama yotuluka m'khutu.

"Mumavutikiranji chonchi?"

"Mafunso onse akuchokera pa wodwala ameneyu. Ndikamafunsa mlingo wa mankhwala kumapeto uko, ndiyenera kuona kulemera kwake ndi maso, osati kudalira mutu. Mutu umanama. Ndikalakwitsa nambala imodzi, ana aphunzira cholakwika kwa ine, ndipo tsiku lina akapatsa bambo a munthu mankhwala opyola. Ndiye wodwala wanga ndimamukhazika pamwamba, azindiyang'ana ndikamalemba."

Ndinena mosabisa, ndinawasirira mayi amenewa. Wodwala wongopeka, wa papepala, ankamusamala kuposa mmene ena amasamalira amoyo.

Ndinayala zithunzi zija pambali pa kiyibodi, ndipo zinthu zinayamba kulumikizana zokha. Wakubayo anapeza zenera lili logawa. Atapukusa kagudumu, gawo la m'munsi lokha ndi limene linayenda, ndiye anajambula lomwelo, theka-theka. Anayambira kumapeto chifukwa ndi pamene mwini wake anasiyira, n'kumakwera. Kutsamba loyamba sanafike, china chake chinamudukiza.

"Mukanakhala inu mukuba, mukanatani?"

Anadina kawiri pa mzere uja. Unasowa, tsamba n'kudzaza sikirini yonse. "Ndikanatero. Zithunzi zikanachepa ndi theka. Koma ine sindiba, a Sajeni, ndilibe nthawi."

"Nanga ichi?" Ndinaloza funso loduka lija. "Pa kompyuta panu funsoli n'lomalizidwa bwinobwino. Apa laduka. Munalisiya liti chonchi?"

Anawerenga. Anawerenganso. Kenako anachotsa dzanja pa mausi pang'onopang'ono n'kuliika pamwendo.

"Linali tsiku limene makina owiritsira zipangizo anaphulika chivundikiro m'chipinda chophunzirira. Nthunzi inawotcha mwana pamkono. Ndinamva kukuwa, ndinathamanga. Sindinathimitse, sindinakhome. Chiyambireni ntchito, aka kanali koyamba."

"Nthawi yanji?"

"Chakumasana."

"Ndani sanathamangire kumeneko?"

"Onse anabwera. A Pulinsipo anagwira beseni, Vayirasi ndiye anamunyamula mwanayo."

"Mutabwerera munapeza chiyani?"

Maso awo anapita pakona ya tebulo, pamene thabwa linali ndi chizindikiro chozungulira, chotuwa, cha chinthu chotentha chimene chimaikidwa pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Anawabweza msanga masowo, koma ndinali nditaona.

"Tsamba linali litasuntha. Ndinkayesa ndaligunda ndekha pothamanga."

"China?"

"Khomo ndinasiya lotsegula ndine. Lembani choncho. Bodi ichite zimene ikuona."

"A Sisitala, akulandani chiphaso."

"Ndamva."

Munthu wonama ndimamudziwa, amachulukitsa mawu. Awa sankanama. Anali atangodziwa chinachake pamaso panga, n'kuchitsekera m'kati.

*

Mlonda wa pageti anali bambo wamtali, wa ndevu zometa bwino, wolankhula ngati akuwerenga chilengezo. Anandichitira sailuti imene ngakhale kupolisi sitichitanso.

"Tsiku la nthunzi ndikulikumbuka bwino lomwe, bwana Sajeni. Ndinamva kukuwa, koma sindinasunthe. Mlonda wothamangira phokoso ndiye amabetsa geti."

"Mwachita bwino. Analowa ndani nthawi imeneyo?"

"Palibe, bwana."

"Ngakhale mmodzi?"

"Mlendo aliyense amaima apa, amanena dzina, amanena kumene akupita, ine n'kumuyang'ana nsapato. Tsiku limenelo masana sikunabwere mlendo."

"Ogulitsa zinthu? Okonza mapaipi? Abale a ophunzira?"

"Ndanena kale, bwana. Pageti pano sipadutsa ngakhale mphaka ine osadziwa."

Ndinatsala pang'ono kutembenuka. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo chizindikiro chozungulira chija chinali chikundizungulirabe m'mutu.

"A Sisitala amadya kuti masana?"

Nkhope ya mlonda inawala. "Aa, amenewo ndiye odala! Amadyera mu ofesi. Amuna awo amawabweretsera chakudya chotentha tsiku lililonse, mvula kaya dzuwa. Anali dalaivala wa basi, anapuma. Ana anawapatsa dzina loti a Nkhomaliro. Ine wotchi sindiyang'ana, ndikangoona chipewa chawo chatulukira pakona apo, ndimadziwa kuti dzuwa lafika pamutu. Akazi athu amatinyoza nawo bambo amenewa."

"Tsiku la nthunzi anabwera?"

"Sajomba."

"Nanga bwanji mwati sikunalowe munthu?"

Anandiyang'ana modabwa, ngati ndafunsa chifukwa chake sanalembe dzina la mphepo. "Mwafunsa za alendo, bwana. A Nkhomaliro si mlendo." Kenako anasuzumira kumsewu n'kumwetulira. "Si awo akubwera apowo."

*

Anali bambo wamfupi, wonenepa pang'ono, jekete lotsukidwa bwino, chipewa chakale chaudalaivala pamutu. M'manja ananyamula kontena ya chakudya yokulungidwa m'kansalu kuti isazizire. Ataona yunifomu yanga anaima, kontena ija n'kuikumbatira pachifuwa.

Tinakhala pa benchi pansi pa mtengo, pafupi ndi geti. Sindinawafunse chilichonse chovuta. Ndinangowauza zoona, kuti bodi ikukumana masana omwewo ndipo akazi awo akana kudziteteza.

"Akana bwanji?" anafunsa. "Mayi amene uja, bwana, sanatengepo ngakhale bandeji ya boma kubwera nayo kunyumba. Ine ndikadzicheka ndimakagula ndekha. Akawachotsa ntchito amenewo, ndiye kuti dziko latha."

"Mayeso awonongeka, bambo. Ana sangalembe. Winawake ayenera kusenza."

"Ayi, ayi, pamenepo ndiye akulakwitsa." Anasendera pafupi, n'kuyang'ana uku ndi uku. "Ine ndayendetsa basi moyo wanga wonse. Munthu wanzeru sanyamuka ulendo wopanda tayala la sipeya. Mayi aja ndi anzeru, analemba mapepala awiri. Limene latuluka ndi la pansi lokha. La pamwamba lilipo, silinakhudzidwe. Kawauzeni a Pulinsipo, ana alembe limenelo, nkhani ithe. Palibe chifukwa chochotsera munthu ntchito sipeya ilipo."

Ndinayang'ana nyerere zimene zinkadutsa pafupi ndi nsapato yanga.

"La pamwamba liti, bambo?"

"Lija lili ndi chithunzi cha mtima. Mitsempha yofiira ndi yabuluu. Limenelo n'labwinobwino, ndikulumbira."

"Akazi anu amabwera ndi ntchito kunyumba?"

"Mayeso? Ngakhale kuwatchula satchula."

"Mukalowa mu ofesi mwawo, sikirini imakhala yoyaka?"

Anaseka pang'ono. "Ndikangogogoda amathimitsa. Ine mwamuna wawo! Ndimawaseka kuti mayi, ine ndingamve chiyani pa zachipatala?"

Ndinatulutsa zithunzi zija n'kuziika pa benchi pakati pathu, chimodzichimodzi.

"Ndipezereni mtima pamenepa."

Anayang'ana. Anasanthula ndi chala chimodzi, dzanja lina likugwirabe kontena. Atafika pa chomaliza anayambiranso. Kenako chala chija chinaima.

"Mtima umenewo sunatuluke, bambo. Ophunzira sanauone, a Pulinsipo sanauone kufikira lero. Anauona ndi amene anaulemba, ndi munthu amene anakhala pampando wawo tsiku la nthunzi."

Ndagwira akuba ambiri, ndipo nthawi zambiri pamenepa ndimamva kukoma. Tsiku limeneli sindinamve kukoma kulikonse. Bamboyo anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Mwana tikulera uja ndi wa mkulu wanga," anatero motsitsa. "Pomwalira anandigwira dzanja. Usiku uliwonse ndimamumva mwanayo akulira kuchipinda ndi mabuku ake. Tsiku lija ndinapeza khomo lili pululu, chinthu chikuwala, palibe munthu. Satana anandikhazika pampando. Nditamupatsa zithunzizo ndinamuuza mwanayo kuti ndi zako wekha, usaonetse munthu." Anapukusa mutu. "Koma la pamwamba ndinalisiya dala, bwana. Ndinati zikavuta, mayi akhale ndi pothawira. Sindinalikhudze n'komwe."

"Tiyeni," ndinatero. "Nyamulani kontenayo."

*

A Sisitala atationa tikulowa awiri, chala chawo chinapita pa batani mwa chizolowezi, koma sanathimitse. Anayang'ana amuna awo, n'kuyang'ana chipewa chimene chinali m'manja m'malo mwa pamutu. Anamvetsa. Mbalame ikatera pauta silasika, ndipo mayi ameneyu anali atasankha kuthyola uta wake m'malo molasa.

"Mayi," anayamba a Nkhomaliro, "ndawauza zonse. Ndine. Koma musadandaule, ndawauzanso za pepala linalo. Ana alemba la pamwamba lija, inu ntchito yanu ipitirira."

"Pepala liti, bambo?"

"La mtima."

A Sisitala anatseka maso kwa kanthawi. Ine ndinkayembekeza mkuntho, ndipo ukanakhala woyenera. M'malo mwake anakoka mpando wa alendo n'kuuika pambali pa wawo.

"Bwerani mukhale apa."

Anakhala, kontena ili pamiyendo. Mayi aja anagawanso zenera. Mtima unakhala pamwamba, mafunso m'munsi, monga mmene bamboyo anazipezera tsiku lija.

"Ndi limeneli?"

"Eya, ndi lomwelo. Mwaona, bwana? Lilipo."

"Gwirani mausi. Pukusani ngati mmene munachitira. Musaime."

Dzanja limene linagwira chiwongolero cha basi zaka zonse zija linapukusa kagudumu kakang'ono kaja. Mafunso anayamba kutsika, iwo akukwera nawo, kudutsa onse amene anajambula, kudutsa pamene mapazi a anthu obwerera anawadukiza tsiku lija. Kenako m'munsimo munatulukira mitsempha yofiira ndi yabuluu. Mitima iwiri, wina pamwamba pa mnzake, wodwala yemweyo, mawu omwewo.

A Sisitala anadina kawiri pa mzere. Unasowa. Panatsala mtima umodzi.

"Linali limodzi, bambo. Sipeya panalibe."

Bamboyo anayang'ana sikiriniyo nthawi yaitali. Kenako anafunsa, ngati mwana, "Ndiye inu mukanathawira kuti?"

"Sindimathawa."

"Akanakuchotsani. Inu mukudziwa kuti ndine, n'kukhala chete?"

"Ndadziwa lero lomwe. Ndimati ndikufunseni kunyumba, osati pamaso pa anthu." Mawu awo sanakwere, koma anali akuthwa. "Mwanayo ndinamuuza kuti abwere tizikhala pansi madzulo mpaka amvetse. Zoti wina ndiye adzachonge pepala lake ndinapempha ndekha. Inu mumafuna akhoze. Ine ndimafuna kuti tsiku limene inuyo mudzagone m'chipatala mukupuma movutikira, namwino amene adzaime pambali panu adzadziwe chochita. Mwamulakwira mwanayo kuposa mmene mwandilakwira ine."

Misozi inatsika pa masaya a bamboyo n'kugwera pa kansalu ka kontena. Anatembenukira kwa ine.

"Lembani, bwana. Lembani zonse, mukawapatse a bodi asanakhale pansi. Dzina la mayi awa lisatchulidwe n'komwe."

Ndinalemba. A Pulinsipo nditawaitana anawerenga ataimirira, anavula magalasi, anawavalanso, kenako anapita kukaima pamaso pa a Sisitala ngati mwana wa sukulu wochedwa. Anayamba kupepesa, koma mayi aja anawadula.

"Mudzapepesa bwino mawa. Kauzeni bodi kuti khomo ndinasiya lotsegula ndine, zimenezo zilembedwe. Ndipo muwauze kuti ana alemba pa tsiku lake. Mayeso ena ndiyamba lero."

Nthawi yonyamuka inakwana. A Nkhomaliro anaimirira n'kuika kontena pakona ya tebulo, pa chizindikiro chake chozungulira, mosayang'ana n'komwe. Anali atafika pakhomo pamene akazi awo anandiitana.

"A Sajeni, kumene mukupita nawoko chakudya chimabwera nthawi yanji?"

"Kumeneko sitilonjeza, a Sisitala."

Anamasula kansalu, anatsegula kontena, nthunzi n'kukwera. Anatenga chivundikiro n'kugawirapo theka la mpunga ndi ndiwo, mosamala ngati akuyeza mankhwala, n'kukankhira mbali ya mpando wa alendo.

"Khalani pansi mudye, bambo. Mapiritsi anu a shuga safuna m'mimba mopanda kanthu."

Ndinatuluka kukadikira pakhonde. Malamulo sanena kuti wapolisi azipatsa wakuba nthawi ya nkhomaliro, koma sanenanso kuti aziimirira pamutu pa anthu akudya. Khomo linali lotsegula pang'ono. Ndinkamva supuni ikugunda chivundikiro, pang'onopang'ono. Posakhalitsa kiyibodi inayamba kulira.

Titanyamuka ndinasuzumira kuti nditsanzike. A Sisitala sanadzutse mutu. Chala chinafika pa batani, sikirini n'kuda bii, ndipo anadikira mpaka ine ndi amuna awo titadutsa pakhomo. Theka lawo la chakudya linali lisanakhudzidwe.